Tidavotera nyali, nanga mdima uwu pamsewu wa Mchinji ukutani?

Aliyense amene adayendapo usiku pamsewu wochoka ku Lilongwe kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka kukafika ku Mchinji akudziwa kale chimene ndikufuna kukamba lero. Umaona kanyali kamodzi kakubwera patsogolo pako, iwe n'kumati ndi njinga yamoto, n'kungopatuka pang'ono. Ukayandikira m'pamene umazindikira kuti ndi lole yathunthu ya diso limodzi, yosenza mabelo a fodya, ndipo theka la thupi lake lili mbali yako. Ukapulumuka pamenepo, mtima usanakhale m'malo, umapezanso kapikapu kakale kakukwawa patsogolo pako kopanda ngakhale kanyali kofiira kumbuyo, anthu ali thothotho pamwamba pa matumba. Umangokaona chifukwa mayi wina wavala mpango woyera.

Ena anena kuti nkhani ya nyali za galimoto ndi yaing'ono, yosayenera tsamba limene limakamba za ufulu ndi kayendetsedwe ka dziko. Ine ndikuti ayi. Pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, Amalawi adapatsidwa zizindikiro ziwiri, tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya matipate. Anthu oposa 63 mwa 100 alionse adasankha nyali. Papita zaka zoposa 30 chichitikire zimenezo, koma tikulepherabe kuyatsa nyali ziwiri kutsogolo kwa galimoto ndi ziwiri kumbuyo. Ndipo chifukwa chimene tikulepherera n'chomwecho chimene chikutilepheretsa m'zinthu zikuluzikulu. Mwini galimoto akuyesa kuti ufulu ndi kusamvera lamulo lililonse, pamene wosunga lamulo akuyesa kuti lamulo ndi munda wake wokololamo.

Ndiyambe ndi nkhani ya pakhomo pathu, kuti pasapezeke wonena kuti ndikuloza chala ena okha. Atsibweni anga adathawa m'dziko muno mu 1965, patangopita miyezi yochepa nduna zija zitasemphana maganizo ndi Dr Banda mu 1964. Adakhala ku Zambia zaka 28. Boma litalengeza chikhululukiro kwa onse othawa ndale mu 1993, iwo adabwerera kudzera pa chipata cha Mwami ndi Mchinji, atakwera Peugeot 404 yawo yoyera, mabuku ndi mapoto zili kumbuyo. Galimoto imeneyo inali chuma chokha chimene adabwera nacho, ndipo ankaikonda ngati mwana. Ankaipukuta m'mawa uliwonse. Koma magetsi ake anali ochita kupempherera.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, tinkachokera kumaliro ndipo kudatidera m'njira. Nyali ya kumanzere inali itafa, za kumbuyo zinkangoyaka zikafuna. Pa rodibuloko ina wapolisi wachinyamata adatiimitsa. Mwaulemu adati, “Pepani bambo, nyali yanu imodzi yafa, ndipo kumbuyoku kulibe chowala.” Atsibweni adapsa mtima. “Iwe mnyamata, ine ndidakhala kunja zaka 28 chifukwa cha anthu oimitsa anzawo pamsewu. Lero tili pa ufulu.” Adakokanakokana, kenaka mawu adatsika, wapolisi uja n'kunena kuti kunja kukuzizira ndipo bambo aganizire ana awo. Ndalama idadutsa pawindo, lisiti silidalembedwe, mgolo udasunthidwa, ife n'kudutsa.

Sitidapite patali. Kumanzere kwa msewu, mbali yomwe ija ya nyali yakufa, kunali bambo wina akupalasa njinga atamangirira thumba la chimanga. Tidamuona tili kale pa iye. Mulungu adachita chifundo, bamboyo sadafe, koma mwendo udathyoka pawiri ndipo sadapalasenso njinga moyo wake wonse, chonsecho njingayo ndiyo inkadyetsa banja lake. Atsibweni adalipira zachipatala ndi zina zonse zimene akuluakulu adagamula, koma mwendo sagula. Patapita masiku adandiuza kuti, “Mphwanga, babu lija linali lotchipa kuposa ndalama imene ndidapatsa wapolisi uja.” Galimotoyo sidatulukenso usiku mpaka mawaya onse atasinthidwa.

Pa mlandu umenewu olakwa anali awiri. Woyamba anali munthu wophunzira, womenyera ufulu, amene adasokoneza lamulo loteteza anthu ndi lamulo lopondereza anthu. Wachiwiri anali wantchito wa boma amene adaona vuto bwinobwino, nalitchula ndi pakamwa pake, koma n'kuligulitsa. Amene adalipira anali wachitatu, munthu wa kumudzi amene sadakwerepo Peugeot ndipo sadalandireko tambala imodzi ya chiphuphucho. Mpaka lero ngozi zambiri za usiku m'misewu yathu zili ndi anthu atatu omwewa.

Ndikumvetsa kumene mkwiyo wa atsibweni unkachokera, ndipo inu amene mudabwerako kunja mukukumvetsa kuposa ine. Malire a Mchinji ali ndi mbiri yowawa. Ndi kufupi ndi malire omwewa kumene Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa pa 24 December 1981, ndipo Orton adakafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Tikukumbuka masiku amene munthu ankaimitsidwa kuti aonetse khadi la chipani asanalowe mumsika kapena m'basi, pamene mkazi ankabwezedwa pa chipata chifukwa chovala buluku ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa. Munthu amene adaona zimenezo akaona mgolo pakati pa msewu mtima umamuwawa. Komatu tiyeni tisiyanitse. Khadi linkateteza chipani, ndipo lamulo la buluku silinkateteza munthu aliyense. Lamulo la nyali limateteza mayi wochokera kuchigayo, mwana wochokera kokawerenga, ndi iwe mwini woyendetsa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amene amatipatsa ufulu woyenda kulikonse m'gawo 39 ndi omwewonso amene amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi moyo m'gawo 16. Ufulu wanga woyenda sungadye ufulu wa mnzanga wokhala ndi moyo.

Tsono lamulo likuti chiyani? Lamulo lalikulu la pamsewu m'dziko muno ndi Road Traffic Act la mu 1997, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka pansi pake. Mutu wake ndi wosavuta. Dzuwa likalowa mpaka litatulukanso, galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa anthu onse iyenera kuyatsa nyali. Kutsogolo pakhale nyali zazikulu ziwiri, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, zotha kukwezedwa ndi kudimidwa. Kumbuyo pakhale nyali zofiira, nyali za mabuleki, ndi kanyali kounikira nambala. Pakhalenso maindiketa ndi zonyezimira, zofiira kumbuyo. Zimenezi ndi zina mwa zimene a Directorate of Road Traffic and Safety Services amayenera kuona asanapereke chiphaso cha COF. Chiphasocho chimangotsimikiza kuti tsiku loyesalo zonse zinali bwino. Babu likafa mawa lake, pepala lomatidwa pagalasi silingaunikire msewu.

Tizikumbukiranso kuti kuno kwathu usiku suchedwa kugwa. Ku Mchinji m'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo ngakhale mu January silifika 6:30 lisanalowe. Likangolowa, pasanathe theka la ola kwada bii. Inu amene mudakhala ku London kapena ku Moscow mudazolowera madzulo a chilimwe otalika mpaka 9 koloko, koma kuno kulibe zimenezo. Ndipo nthawi imene mdima ukugwayi ndiyo nthawi imene msewu wadzaza: misika ya pa Kamwendo, pa Waliranji ndi pa Kapiri ikuweruka, ngolo zikuchokera kumunda, ng'ombe zikulowa m'khola, a kabaza akuthamangira okwera omaliza. Miyezi yozizira imene usiku umatalika ndiyonso miyezi imene fodya akupita ku okushoni ku Kanengo ndipo mtedza, soya ndi chimanga zili pamsewu. Mwini galimoto wonena kuti “ndifika kusanade” amakhala akubetcha ndi miyoyo ya anthu ena.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa masamu sanama. Malamulo a ku South Africa, amene ambiri odziwa ku Joni adakumana nawo, amati nyali zokweza ziyenera kuonetsa munthu ali pa mamita 100, ndipo zodima pa mamita 45. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala wotopa angatenge sekondi imodzi ndi theka kuti diso liuze phazi, ndiye kuti mamita 33 apita asanaponde n'komwe buleki. Mabuleki abwino pa tala wouma amafuna mamita enanso 35. Zonse pamodzi ndi mamita 68, pamene nyali zodima zikuonetsa 45 okha. Izi zikutanthauza kuti ngakhale nyali zonse zili bwino, munthu amene wadima ayenera kutsika mpaka cha m'ma 60 kuti athe kuima pa mtunda umene akuona. Nanga galimoto ya mu 1970, ya mabuleki akale, ya nyali imodzi yofiirira ngati koloboyi, ikuona mamita angati? Mwina 20. Woyendetsa woteroyo akungodalira mwayi.

Ndipo ofa ambiri si eni galimoto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Lipoti la bungwe lomweli la mu 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi kumafa anthu 31 mwa 100,000 alionse pachaka, chiwerengero chimene chidatiika m'gulu la maiko a misewu yoopsa kwambiri, chonsecho galimoto tili nazo zochepa. Boma la Mchinji, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 600,000, ndi la alimi, ndipo ambiri mwa iwo msewu wa tala amauyenda ndi mapazi kapena ndi njinga. Tikamakamba za demokalase tizikumbukira kuti ovota ambiri ali m'mphepete mwa msewu, osati m'kati mwa galimoto.

Pasakhale wondimva molakwa. Ine sindikudana ndi galimoto zakale, ndipo sindigwirizana ndi anthu a m'maofesi amene amafuna kuti zonse zichotsedwe pamsewu ngati kuti umphawi ndi mlandu. Peugeot 404 ndi 504, Land Rover, Datsun 120Y, Toyota Stout ndi malole a Bedford ndi zimene zidamanga dziko lino. Zidanyamula odwala, maliro, akwati, feteleza ndi mabuku a sukulu m'misewu imene galimoto zamakono zimaopa. Peugeot 404 idayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya idapitirira kulumikizidwa mpaka 1991 chifukwa choti Africa idaikhulupirira. Ku Mkanda ndi kumidzi ina ya kutali ndi boma, pikapu yakale ya matola nthawi zina ndiyo ambulansi yokhayo imene ilipo. Nkhalamba zimenezi tizilemekeze. Koma ulemu wa nkhalamba ndi kuisamala, osati kuitulutsa usiku ili yosapenya.

Alipo ena, makamaka a m'tauni amene amasunga galimoto zakale monga chokondweretsa, amene amati galimoto ya makedzana iyenera kusiyidwa monga momwe idatulukira kufakitale, ndipo amaloza ku Britain kumene akuti malamulo amazichitira chifundo. Zoonadi, kuyambira mu 2018 galimoto zoposa zaka 40 kumeneko sizikakamizidwa kupita kokayesedwa chaka ndi chaka, ndipo malamulo awo a nyali a mu 1989 sakakamiza galimoto zimene zidayamba kuyenda chisanafike chaka cha 1936 kukhala ndi maindiketa kapena nyali za mabuleki. Koma werengani mpaka kumapeto. Mwini galimoto amakhalabe ndi mlandu akaiyendetsa ili yosayenera pamsewu, ndipo galimoto yopanda nyali m'pang'ono pomwe imaloledwa masana okha. Ngakhale ulendo wotchuka uja wa galimoto zopangidwa chisanafike chaka cha 1905, wochoka ku London kupita ku Brighton mwezi wa November, umanyamuka dzuwa likutuluka. Ngati Angerezi, amene ali ndi magetsi m'misewu ya m'matauni awo ndipo alibe ngolo za ng'ombe, salola galimoto yosapenya kuyenda usiku, ife tikhale ndani?

Opanga galimotowo nawonso sankaona nyali zoyambirira ngati chinthu chopatulika. Land Rover zoyamba zinali ndi nyali zake pakati, moyandikana, pafupi ndi rediyeta. Cha m'ma 1968 ndi 1969 kampani idazisunthira m'mbali pofuna kutsata malamulo a maiko ena, ndipo nzeru yake ndi yoonekeratu: wobwera kutsogolo adziwe kukula kwa chinthu chimene akukumana nacho. Volkswagen zija za kamba zinkayendera magetsi a mavoti 6 mpaka cha m'ma 1967 pamene zidasinthidwa kukhala 12. Morris Minor zoyambirira zinkalozera kokhotera ndi kamkono kotuluka m'mbali, kenaka adaika maindiketa ophethira. Ngati eni fakitale ankasintha kuti anthu aone bwino, iwe wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa ukuopa chiyani kuika babu lowala? Ukafuna kuti ikhale monga idabadwira, palibe wokuletsa. Uziyenda nayo masana Lamulungu, ikamakwana 5 koloko ikhale ili m'galaja.

Chosangalatsa n'chakuti matenda ambiri a nyali za galimoto zakale ndi ochizika, ndipo makaniko aliyense wa pa Mchinji boma kapena ku Chipata amawadziwa. Nthawi zambiri nyali ikamayaka mofooka vuto silikhala babu koma waya wa efi, uja womangirira ku chitsulo cha galimoto, amene wachita dzimbiri. Kumupala ndi kumumanganso ndi ntchito ya mphindi zochepa. China ndi mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali, imene ikalowa madzi imada ndipo kuwala kumangomwazika. China ndi switchi yakale imene magetsi onse amadutsamo. Makaniko akaika rile, magetsi amachoka ku batire kupita ku nyali molunjika ndipo kuwala kumaonjezeka nthawi yomweyo. Galimoto zakale kwambiri zili ndi dainamo, imene sitchaja mokwanira injini ikamayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake nyali zimafooka pamene dalaivala wachepetsa liwiro m'mabampu, malo enieni ofunika kuona. Olitaneta imathetsa zimenezo. Ndipo chonde, fyuzi ikapsa isalowedwe m'malo ndi pepala la siliva la m'paketi ya ndudu, chifukwa galimoto zambiri zidapserera choncho.

Kuyesa nyali sikulira makina. Imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma, muyatse zodima. Kuwala kukhale kotsika pang'ono kuyerekeza ndi msinkhu wa nyalizo, ndipo mbali ziwiri zifanane. Tumani mwana aime kumbuyo akuuzeni ngati zofiira zikuyaka mukaponda buleki. Mukapakira katundu wolemera kumbuyo, dziwani kuti mphuno ya galimoto imadzuka ndipo nyali zimaunika m'mitengo ndi m'maso mwa anzanu. M'kabati muzisunga babu lapadera ndi mafyuzi angapo, monga momwe mumasungira tayala lasipeya.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: ndalama. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zipangizo za galimoto, zimene zonse zimachokera kunja, zidakwera mtengo moopsa. Zimenezi n'zoona, ndipo wa matola amene akulimbana ndi mtengo wa mafuta sindingamuseke. Koma munthu amene wapeza ndalama yothira mafuta a ulendo wa makilomita oposa 100 kuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe sangandiuze kuti babu lamukanika. Walira mvula walira matope. Wafuna phindu la ulendo wa usiku, avomerenso mtengo wa nyali. Ngati ndalamayo palibedi, njira yaulere ilipo: kugona pamene kwakudera, n'kudzuka m'mamawa. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo “ndikonza mawa” adasiya ana amasiye ambiri m'dziko muno.

Pali matenda enanso otsutsana ndi amenewa, amene afala m'zaka zaposachedwa. Munthu watopa ndi nyali zofooka, ndiye wagula mababu a LED a pamsika n'kuwaika m'mbale zakale zimene sizidapangidwire mababu otero, kapena wakhoma chitsulo chathunthu cha magetsi pamwamba pa galimoto. Iye akuona mpaka ku mapiri a Mchinji, koma aliyense wokumana naye wachita khungu kwa masekondi angapo, ndipo m'masekondi amenewo ndimo amagundira wapanjinga amene ali kumanzere kwake. Kuthobwa anzako m'maso ndi kuyenda opanda nyali ndi tchimo limodzi. Inunso amene mudabwera ndi galimoto za chiwongolero cha kumanzere kuchokera ku America kapena ku maiko a ku Ulaya oyenda kumanja, dziwani kuti nyali zake zodima zidapangidwa kuti zizikwera cha kumanja. Kuno, ku Zambia ndi ku Mozambique timayenda kumanzere, choncho kuwala kumeneko kumalowa m'maso mwa wobwera kutsogolo. Nyali zotero ziyenera kusinthidwa.

Boma la malire lili ndi zakezake. Mu December 2022 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, ndi mnzake wa ku Zambia, Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami kuti malole asamachedwe. Zimenezo n'zabwino pa malonda, koma zikutanthauzanso malole akuluakulu ochuluka pamsewu womwe uja wopapatiza, limodzi ndi ngolo ndi njinga. Aliyense amene adaolokapo ndi galimoto akudziwa kuti tsidya linalo safuna zocheza pa zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndiponso pa matirayango oika pamsewu galimoto ikafa. Mu 2016 boma la Zambia lidafika poletsa mabasi ndi malole kuyenda pakati pa 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa chifukwa cha ngozi. Chodabwitsa n'chakuti Mmalawi yemweyo amene amamata zonyezimira akamapita ku Chipata saona chifukwa chokonzera nyali akamapita ku Kasungu. Kodi moyo wa Mchewa kapena Mngoni wa kwa Mpezeni ndi wodula kuposa wa mbale wake wa kwa Mlonyeni kapena kwa Zulu? Tisaiwalenso aja ozembetsa chimanga, feteleza ndi mafuta m'njira zachidule, amene amazimitsa dala nyali kuti asaonedwe. Amenewa akuba kawiri, msonkho wa boma ndi chitetezo cha anthu a m'midzi imene amadutsamo.

Tsopano nditembenukire kwa boma, chifukwa wolemba amene amangodzudzula anthu wamba osakhudza olamula ndi wamantha. Choyamba, lamulo lilembedwe m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za dziko lino, pa pepala limodzi, lipachikidwe pa chipata cha Mchinji, pa rodibuloko iliyonse, m'madepoti ndi m'magalaja: nyali zofunika ndi izi, nthawi yoyatsa ndi iyi, chindapusa chake ndi ichi. Lamulo lobisika m'mabuku a Chingerezi limakomera wachiphuphu yekha, popeza iye ndiye amatchula mtengo. Dalaivala wodziwa lamulo ndi wovuta kumuopseza.

Chachiwiri, cholinga cha rodibuloko chikhale nyali yoyaka, osati ndalama yolowa. Galimoto yopezeka usiku ndi diso limodzi kapena yopanda zofiira kumbuyo isapitirire ulendo, ngakhale mwini wake atalipira chindapusa ndi kulandira lisiti la boma, chifukwa lisiti siliwala. Akonze pomwepo kapena adikire kucha. Yopezeka masana ipatsidwe kalata ya masiku ochepa kuti ikakonzedwe ndi kudzaonetsedwa, ndipo chindapusa chigwere okhawo onyozera kalatayo. Tikatero wosauka sitimupha, ndipo woyenda pansi tamuteteza. Wapolisi wolandira ndalama kuti atsegulire galimoto yosapenya aziyankha mlandu wa ngozi imene ichitike kutsogolo. Bungwe la Anti-Corruption Bureau, limene lidabadwa ndi lamulo la mu 1995, lisamangoyang'ana mamiliyoni a ku Capital Hill. Chiphuphu cha pa mgolo ndi chaching'ono m'thumba koma chimathera kumanda.

Chachitatu, lamulo ligwire aliyense. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho. Galimoto ya boma ya nambala ya MG, ya chipani cholamula, ya bwana wa kampani, ya abusa, zonse ziime pa mzere umodzi ndi pikapu ya mlimi wa ku Kapiri. Tidakana kale dziko limene ena anali pamwamba pa lamulo chifukwa cha yunifolomu kapena nsalu ya chipani. Anthu akaona galimoto ya akuluakulu ya diso limodzi ikupatsidwa sailuti, musayembekeze kuti alemekeza lamulolo. Ndipo boma nalo likonze mbali yake: mizere yoyera ya m'mphepete mwa msewu ipentedwe, zikwangwani zobedwa zibwezeretsedwe, ndipo msonkho wa mababu ndi zonyezimira utsitsidwe. Lole yofera pamsewu isamatetezedwe ndi nthambi za mitengo zokha, zimene usiku sizioneka mpaka utazigunda.

Chachinayi chili m'manja mwa mafumu athu, a Mkanda, a Mavwere, a Dambe, a Mlonyeni, a Zulu ndi ena onse, pamodzi ndi mipingo, mizikiti ndi magulu a kabaza. Ngolo iliyonse yotuluka m'mudzi ikhale ndi zonyezimira kumbuyo, njinga iliyonse ikhale ndi kanyali, ndipo woyenda pansi usiku ayende moyang'anana ndi galimoto zobwera atavala chowala. Mutu umodzi susenza denga. Koma ndinene mosabisa kuti udindo waukulu uli kwa amene wagwira chiwongolero, chifukwa iye ndiye wanyamula chitsulo cholemera tani yathunthu.

Atsibweni anga adatisiya kale, ndipo Peugeot ija ikadalipo. Imayendabe, ndipo nyali zake zonse zimayaka, chifukwa ndisanaitulutse madzulo ndimaizungulira kaye kamodzi monga iwo adandiphunzitsira pambuyo pa usiku uja. Bambo wa njinga uja ndidakumana nayenso patapita zaka, akuyendera ndodo pa msika wina. Adandipatsa moni mwaulemu, ine n'kusowa poyang'ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu nonse osunga nkhalamba za galimoto, a m'tauni ndi a kumudzi, obwerako kunja ndi okhala konkuno, madzulo ano dzuwa likamalowa tulukani panja, yatsani nyali, tumani mwana aime kumbuyo. Imene yafa mukonze musanapite kulikonse.